Mankhwala Ofooketsa Chitetezo cha M'thupi: Ntchito Yake ndi Kuopsa Kwake

Aliyense amene amapita ku chipatala cha kwao adamvapo kuti chitetezo cha m'thupi chiyenera kukhala champhamvu. Ana amalandira katemera pa chifukwa chimenechi, amayi amaphunzitsidwa za zakudya za magulu 6 ku sikelo, ndipo amene ali ndi kachilombo ka HIV amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku kuti chitetezo chawo chibwerere. Motero munthu angadabwe pakumva kuti alipo mankhwala ena amene ntchito yake ndiyo kufooketsa chitetezo chomwecho, ndiponso kuti madokotala amawapereka mwadala. Odwala amene amamwa mankhwala otere si ambiri, koma alipo ndithu m'midzi. Amawalandira ku zipatala zazikulu, nabwerera nawo kwao, kumene kulakwitsa pang'ono pa kamwedwe kungathe kuchotsa moyo wa munthu.

Pamene alonda aukira eni mudzi

M'magazi muli maselo oyera amene anthu adazolowera kuwatchula kuti asilikali a m'thupi. Mwa iwo alipo ena otchedwa ma lymphocyte, amene amadziwa kusiyanitsa chimene chili cha thupi ndi chimene chili chachilendo. Akapeza chachilendo amaitanizana, nachulukana msangamsanga, nachiwononga. Mwanabere amene amatupa m'mphechepeche munthu akakhala ndi chilonda ku phazi ndi chizindikiro chakuti asilikaliwo asonkhana.

Koma nthawi zina alondawa amasokonezeka, monga galu wa pakhomo amene wayamba kuluma ana a mbuye wake. Nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, imayamba motero. Imagwira akazi kuposa amuna, ndipo kawirikawiri imayambira m'zala ndi m'manja, mbali zonse ziwiri. Mayi amadzuka m'mamawa zala zili gwa, osatha kumanga mpango kapena kugwira munsi, ndipo pamapita ola lathunthu kapena kuposerapo kuti zifewe. Nyamakazi imeneyi ndi yosiyana ndi ija ya okalamba imene imadza chifukwa cha kuperepeseka kwa mawondo ndi ntchito ya zaka zambiri. Ikalekereredwa imadya mfundo mpaka zala zimapindika osawongokanso. Nthenda ina ya mtundu womwewu ndi lupus, imene imakonda akazi a msinkhu wobereka, niwononga khungu, mfundo ndi impso.

Palinso odwala amene chitetezo chawo sichidasokonezeke konse, koma chikugwira ntchito yake pa malo osafunika. Munthu amene impso zake zidafa angathandizidwe ndi makina otsuka magazi, monga amene ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena angaikidwe impso ya munthu wina. Amalawi ena adapita ku India kukalandira impso motero. Kwa asilikali a m'thupi impso yatsopanoyo ndi mlendo, ingakhale yochokera kwa mbale wa bere limodzi, ndipo akasiyidwa amaiwononga m'masiku kapena m'masabata owerengeka.

Pa matenda onsewa galu ayenera kumangidwa. Funso ndi lakuti amangidwe ndi chingwe chotani.

Phunziro la chimera

Mayi aliyense wodziwa kuphika thobwa amadziwa ntchito ya chimera. Phala likapsa limakhala lolimba ndi losatsekemera. Mayi amadikira kuti lizizireko, nathiramo chimera, ndipo posapita nthawi phalalo limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera, chonsecho sadathiremo shuga. M'chimera muli kanthu kosaoneka ndi maso kamene kamaphwanya ufa nikausandutsa shuga. Kanthu kotere akatswiri amakatcha enzyme. Kalinso m'malovu a munthu, nchifukwa chake chinangwa chophika chimayamba kutsekemera chikatafunidwa nthawi yaitali.

M'thupi muli ma enzyme a mitundu zikwizikwi, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yakeyake: ina imagaya chakudya, ina imamanga zipangizo za maselo atsopano, ina imapereka uthenga m'kati mwa selo, ina imaphwanya mankhwala m'chiwindi kuti atuluke. Enzyme iliyonse ili ndi kamalo kamene kamalandira chinthu chimodzi chokha choyenerana nako. Kamaloko kakatsekedwa, ntchito yonse imaima. Zili ngati chigayo cha pa msika: wina akathiramo timiyala tosakaniza ndi chimanga, chigayo chimaima, ndipo onse amene ali pa mzere amabwerera opanda ufa.

Mankhwala ambiri odziwika amagwira ntchito mwa njira imeneyi. Aspirin amatseka enzyme imene imathandiza kubweretsa ululu ndi kutupa. Ma ARV amatseka ma enzyme a kachilombo ka HIV. Tsono pofuna kufooketsa chitetezo, akatswiri adafufuza ma enzyme amene ma lymphocyte sangachite kanthu popanda iwo. Adapeza malo awiri. Oyamba ndi pa kuitanizana, achiwiri ndi pa kuchulukana.

Methotrexate, mankhwala a kamodzi pa sabata

Mwa mankhwala onsewa, amene wodwala wa kumudzi angakumane nawo msanga ndi methotrexate, pakuti ndiwo oyamba kuperekedwa pa nyamakazi yotupitsa mfundo, ndiponso pa nthenda ya pakhungu yotchedwa psoriasis ikakula.

Selo lililonse lisanagawikane pawiri limasowa vitamini wotchedwa folic acid, yemwe uja amayi oyembekezera amalandira ku sikelo pamodzi ndi mankhwala owonjezera magazi. Vitaminiyu sagwira ntchito asanakonzedwe ndi enzyme ina yotchedwa dihydrofolate reductase. Methotrexate adapangidwa mofanana kwambiri ndi folic acid, kotero kuti enzyme ija imanyengedwa, nimugwira, ndipo iye amakanirira pomwepo osachoka. Maselo amene amafuna kuchulukana mofulumira amasowa zomangira.

Poyamba mankhwala a mtundu umenewu adali a khansa. M'chaka cha 1948 dokotala Sidney Farber wa ku Boston, ku America, adalengeza kuti aminopterin, mbale wake wa methotrexate, adachepetsa kwa kanthawi khansa ya m'magazi mwa ana. Mu 1951 madokotala ena adaona kuti mankhwala omwewo amathandiza odwala nyamakazi, koma padapita zaka zambiri anthu akuwaopa, kufikira mu 1988 pamene boma la America lidavomereza methotrexate pa nyamakazi. Mlingo wa nyamakazi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa khansa, ndipo pa mlingo wochepawo mankhwalawa amaziziritsanso kutupa mwa njira zina. Choncho wodwala akamva kuti wapatsidwa mankhwala a khansa asaganize kuti adokotala akumubisira nthenda.

Apa mpamene pali ngozi yaikulu. Methotrexate amamwedwa tsiku limodzi lokha pa sabata. Mlingo wake kawirikawiri umakhala pakati pa 7.5 mg ndi 25 mg, ndipo popeza mbulu umodzi umakhala wa 2.5 mg, wodwala angauzidwe kumwa mibulu 6 nthawi imodzi, nadikira masiku 7. Kwa munthu amene adazolowera kuti mankhwala amamwa m'mawa, masana ndi madzulo, zimenezi ndi zachilendo, ndipo m'maiko ambiri anthu adafa chifukwa chomwa methotrexate tsiku lililonse. Pakuti si ma lymphocyte okha amene amachulukana msanga. Mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, ndi khungu la m'kamwa ndi la m'matumbo, nazonso zimasowa folic acid. Mankhwala akachuluka, m'kamwa mumatuluka zilonda, munthu amatsegula m'mimba, magazi amachepa, nkhama zimakha magazi, ndipo asilikali onse amatheratu. Nkwabwino kuti wodwala asankhe tsiku losaiwalika, monga tsiku la msika wa kwao, ndipo tsikulo lilembedwe ndi zilembo zazikulu m'buku lake la kuchipatala ndi pa kathumba ka mankhwala. Wa m'banja mmodzi alidziwenso, makamaka ngati wodwalayo ndi wokalamba kapena wosadziwa kuwerenga. Mibulu ina imakhala ya 10 mg, nchifukwa chake polandira mankhwala atsopano mpofunika kufunsa ngati mphamvu yake ndi yomwe ija.

Dokotala amaperekanso folic acid woti amwedwe tsiku lina, kuti ateteze m'kamwa, m'mimba ndi chiwindi. Phindu la methotrexate silioneka msanga. Pamapita masabata 6 mpaka 12 kuti mfundo ziyambe kuphwa. Wodwala amene wataya mtima pa sabata yachitatu, nawonjezera mibulu yekha, amadziitanira tsoka.

Pali mankhwala amodzi amene ali ponseponse m'Malawi ndipo sagwirizana ndi methotrexate: Bactrim. M'kati mwake muli trimethoprim, amene amatseka enzyme yomwe ija. Ntchito yake ndi kutseka enzyme ya tizilombo, koma akakumana ndi methotrexate m'thupi limodzi, mafuta a m'mafupa angaleke kupanga magazi. Bactrim amaperekedwa pa chifuwa ndi pa matenda a m'chikhodzodzo, anthu ambiri amene ali ndi HIV amamwa tsiku lililonse, ndipo ena amangogula pa okala akamva kuphwanya m'thupi. Fansidar nayenso ali m'gulu lomweli. Wodwala amene ali pa methotrexate ayenera kutchula dzina limeneli kwa aliyense womulembera mankhwala, asanafunsidwe nkomwe, chifukwa pa mzere wautali wa Lolemba wachipatala sangathe kuwerenga masamba onse a buku. Ngakhale Brufen ndi aspirin ayenera kuyamba wafunsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mowa, makamaka kachasu, umawononga chiwindi pamodzi ndi mankhwalawa. Ndipo methotrexate amachititsa kupita padera kapena kulumaza mwana m'mimba, motero mayi ayenera kukhala pa njira yodalirika ya kulera nthawi yonse imene akumwa, ndi miyezi ingapo atasiya, monga momwe dokotala anganenere. Woyamwitsa sapatsidwa. Nkhani imeneyi njofunika kuti bambo aimvere limodzi ku chipatala, osati kungouzidwa kunyumba.

Masiku 18 a ku Cape Town

Mbiri ya kuika ziwalo imaonetsa bwino ubwino ndi mtengo wa mankhwala otere. Pa 23 Disembala 1954 dokotala Joseph Murray wa ku Boston adaika impso ya Ronald Herrick mwa Richard Herrick, ndipo Richard adakhala zaka zina 8. Zidatheka chifukwa awiriwa adali mapasa ofanana ndendende, kotero kuti thupi silidaone mlendo. Kwa ena onse opanda mapasa njira idali yotsekeka.

Adaitsegula ndi Gertrude Elion ndi George Hitchings, akatswiri a mankhwala a ku America, amene mu 1957 adapanga azathioprine. M'thupi mankhwalawa amasanduka chinthu chofanana ndi zomangira za maselo atsopano, nasokoneza ma enzyme amene amapanga zomangirazo. Dokotala Roy Calne wa ku England adawayesa pa agalu oikidwa impso, ndipo pofika 1962 adayamba kuthandiza anthu. Elion ndi Hitchings adalandira mphotho ya Nobel mu 1988, Murray mu 1990.

Pa 3 Disembala 1967 dokotala Christiaan Barnard wa pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town adaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky, koyamba pa dziko lonse. Mtimawo udagunda bwino. Poopa kuti thupi liukana, madokotala adapereka mankhwala ofooketsa chitetezo ambiri zedi, ndipo patapita masiku 18 wodwalayo adamwalira. Sudamuphe mtima, chidamupha ndi chibayo chimene thupi lake silidathe kulimbana nacho. Walira mvula walira matope. Kuyambira pamenepo luso lonse la madokotala lakhala pa kupeza mlingo wapakati, wokwanira kusunga chiwalo koma wosasiya mudzi wopanda mlonda.

Azathioprine akugwirabe ntchito mpaka lero, pa lupus ndi pa oikidwa impso. Iye mdani wake ndi allopurinol, mankhwala a nthenda ya gout, amene amatseka enzyme imene imaphwanya azathioprine. Awiriwa akamwedwa pamodzi popanda kuchepetsa mlingo, azathioprine amaunjikana m'magazi.

Mankhwala ochokera m'dothi

Kusintha kwakukulu kudadza ndi dothi lodzaza dzanja limene lidatengedwa ku mapiri a ku Norway mu 1969. M'dothimo mudapezeka chuku chimene chimatulutsa mankhwala otchedwa cyclosporine. Akatswiri a kampani ya Sandoz ku Basel, mmodzi wa iwo Jean-François Borel, adaona kuti mankhwalawa amagonetsa ma lymphocyte popanda kuwononga mafuta a m'mafupa. Calne adawapereka kwa anthu oikidwa impso mu 1978 ku Cambridge, ndipo mu 1983 adavomerezedwa ku America. Mu 1984 akatswiri a ku Japan adapeza ena, tacrolimus, m'dothi la m'tsinde mwa phiri la Tsukuba. Amenewa ndiwo amene oikidwa impso ambiri amamwa masiku ano.

Awiriwa sagwira pa kuchulukana koma pa kuitanizana. Lymphocyte ikaona mlendo, enzyme yotchedwa calcineurin imadzutsa uthenga m'kati mwake, ndipo selolo limakuwa mfuu yoitana anzake. Calcineurin ikatsekedwa, mlonda amaona mlendo koma mawu satuluka. Chodabwitsa nchakuti madokotala adapereka cyclosporine zaka zoposa 10 asanadziwe chimenechi. Ntchito ya calcineurin idadziwika mu 1991.

Mankhwalawa ali ndi zovuta zawo. Amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo akachuluka amawononga impso yomweyo imene akuteteza. Cyclosporine amatupitsa nkhama ndi kumeretsa ubweya, tacrolimus amanjenjemeretsa manja ndipo angayambitse matenda a shuga. Kawirikawiri amamwedwa maola 12 aliwonse, pa nthawi yosasinthasintha, ndipo magazi amayezedwa kuti aone kuchuluka kwake. Ma enzyme a m'chiwindi ndiwo amawaphwanya, choncho chilichonse chokhudza ma enzyme amenewo chimasokoneza mlingo. Rifampicin, mmodzi wa mankhwala a chifuwa chachikulu, uja amafiiritsa mkodzo, amafulumizitsa chiwindi kotero kuti tacrolimus amatha msanga m'magazi, impso nikhala yopanda woitchinjiriza. Ma ARV ena okhala ndi ritonavir amachita zosiyana, amaunjikitsa mankhwalawo. Ngakhale manyumwa amatero. Sikuti woikidwa impso sangalandire chithandizo cha chifuwa chachikulu kapena cha HIV; angalandire ndithu, koma madokotala a mbali zonse ziwiri ayenera kudziwitsana.

Pamodzi ndi tacrolimus kawirikawiri amapereka mycophenolate, amene adavomerezedwa mu 1995. Iye amatseka enzyme imene ma lymphocyte amaidalira kuposa maselo ena popanga zomangira zawo. Amathandizanso lupus ikagwira impso. Nayenso amalumaza mwana m'mimba, ndipo mayi wofuna kutenga pakati amayamba wasinthidwira ku azathioprine. Alipo ena atsopano, monga tofacitinib wa mu 2012, ndi baricitinib amene bungwe la WHO lidalangiza mu 2022 kuti azipatsidwa kwa odwala COVID-19 kwambiri, koma ndi okwera mtengo. Prednisolone, amene anthu ambiri amamudziwa, amafooketsanso chitetezo koma mwa njira ina. Chofunika kudziwa za iye nchakuti womwa nthawi yaitali sayenera kusiya mwadzidzidzi.

Kukhala ndi mankhwalawa kumudzi

Galu akamangidwa, fisi amayandikira khola. Wodwala amene ali pa mankhwalawa amatenga matenda msanga, ndipo zizindikiro zake zimatha kukhala zozizira chonsecho nthenda yakula. Kutentha thupi, zilonda za m'kamwa kapena zapakhosi, kupuma movutika, chikasu m'maso, kukha magazi kosadziwika bwino, zonsezi nzofunika chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri. Malungo ayezedwe, ndipo neti ikhale yokunga usiku uliwonse. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini.

Chifuwa chachikulu nchimene chimaopsa koposa, pakuti anthu ambiri ali ndi kachilombo kake kogona m'mapapo, ndipo chitetezo chikafooka kamadzuka. Nchifukwa chake asanayambe mankhwala dokotala amaunika chifuwa, nayeza HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B, ndi mphamvu ya impso ndi chiwindi. Magazi amayezedwa pafupipafupi poyamba, pambuyo pake miyezi 2 kapena 3 iliyonse, ngakhale munthu akumva bwino, chifukwa magazi amaonetsa vuto thupi lisanalimve. Mashingozi amatulukanso kawirikawiri, ndipo wodwala amene sadadwalepo katsabola akakhala pafupi ndi mwana wa katsabola adziwitse achipatala. Amayi apite kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo zotupa zakuda zachilendo pa miyendo kapena m'kamwa zionetsedwe msanga.

Oikidwa impso kawirikawiri amapatsidwa Bactrim mwadala kwa miyezi ingapo kuti awateteze ku chibayo. Bactrim yemweyo ndi mtetezi kwa wina, poizoni kwa wa methotrexate. Ichi nchifukwa chokwanira chakuti odwala awiri asagawane mankhwala kapena malangizo pa benchi ya chipatala.

Katemera wina ali ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku, wa BCG ndi wa poliyo wodontheza m'kamwa. Amenewa sapatsidwa kwa munthu amene chitetezo chake chafooketsedwa kwambiri. Wa kafumbata, wa hepatitis B ndi wa COVID-19 alibe vuto. Ana a pakhomo alandire katemera wawo yense pa nthawi yake, pakuti potero amatchinjirizanso wodwalayo; iye angosamba m'manja ndi sopo akasintha thewera la khanda.

Abale ena akamva zoti chitetezo chatsika amathamangira kugula mankhwala amene ogulitsa amati ngokweza chitetezo, kapena kukatenga zitsamba. Cholinga chawo nchabwino, koma palibe amene angadziwe chimene zinthuzo zikachite m'chiwindi chimene chikulimbana kale ndi mankhwala amphamvu. Ena amanong'onezana kuti mnzawo ali ndi HIV koma akubisa. Nyamakazi ndi lupus si matenda opatsirana, ndipo sadza chifukwa cha kachilombo ka HIV kapena kulodzedwa.

Woikidwa impso amamwa mankhwala ake masiku onse amene impsoyo ili m'thupi. Thupi siliiwala kuti ndi ya mlendo, zingapite zaka 10, ndipo likayamba kuikana nthawi zambiri sipakhala ululu wochenjeza. Munthu amangoona mkodzo ukuchepa ndi mapazi akutupa, pamene zinthu zaonongeka kale. Mankhwalawa sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, motero ulendo wokatenga ena ukonzedwe akadalipo a masabata 2, ndalama ya basi isungidwe padera, ndipo dzinja lisanafike, pamene mitsinje imadzaza ndi milatho imaduka, wodwala akambirane ndi dokotala wake za kutengeratu okwanira miyezi ya mvula.